Yambani mwaona kabatani ka x10 kumbuyoko

Achimwene, mwati pa zokuzira mawu zanu muli ndi mabesi a 18 inch, mamidi a 15 inch, mahoni (masipika a mawu okwera) apadera ndi crossover ya dbx 223, kachipangizo kogawira mawu ku masipika amenewa, koma besi ikumiza mawu a MC. Ine ndinena za crossover.

Musanapotokole chilichonse, itembenuzeni muone kumbuyo. Kuli kabatani kosankha stereo 2-way kapena mono 3-way, ndipo popeza mukugawa patatu ndi 223 imodzi, kakhale pa mono 3-way. Koma timene timalirisa anthu ndi tija talembedwa x10. Knob ya frequency imayambira pa 45 kulekeza 960 Hz, ndipo x10 ikadinidwa manambala omwewo amasanduka 450 Hz mpaka 9.6 kHz. Knob ya mahoni ikaloza 180 kabatani kali m'kati, ndiye 1.8 kHz, zili bwino. Kakangotuluka, mahoni akulandira kuyambira 180 Hz, ndipo palibe honi ingapirire zimenezo.

Ndinazionera ndekha pa chinkhoswe china ku Area 25. Anyamata potsitsa katundu m'lole anakhudza kabataniko, mwini zida osadziwa. Poyesa motsitsa zinkamveka bwino ndithu. Perekaniperekani atafika pakolasa, DJ n'kukweza, mahoni onse anangoti zii, kutsala kafungo ka koilo yopsa. MC anamaliza mwambo ngati akulankhulira mu ndowa, ndipo akomiti anakana kupereka ndalama yotsala. Ndiye mukatchera bwino matanipo tepi, muzionanso nthawi iliyonse mukafika pamalo. Timabatani takumbuyoti musamatidine maampu ali oyaka.

Vuto lanulo ndikukayikira kuti mwagawira besi pamwamba kwambiri. Pakati pa besi ndi midi ikani cha m'ma 100 Hz, musapyole 120. Mukafika ku 250, mawu a munthu amayamba kutulukira m'mabesi a 18 aja, n'chifukwa chake akumveka mbuu. Onaninso kuti x10 ya mbali imeneyi ili kunja, apo ayi 100 yanuyo ndi 1 kHz. Pa mahoni tsatirani nambala yomwe opanga driver (kasipika kakumbuyo kwa honi) analemba. Ngati ndi aja a 1 inch opanda pepala lililonse, yambirani pa 2 kHz, musatsike. Kabatani ka low cut ka 40 Hz kadineni. M'mabokosi athu okhala ndi bowowa, mawu apansi pamenepo amangovinitsa koni ndi kutenthetsa ampu, khutu osapindulapo kanthu, makamaka tsiku loti mukuyendera jenereta.

Amene akuuzani kuti mungokweza low gain (knob yokwezera besi) mpaka kumapeto, kaya adzakuthandizani kulipira okulunga koilo. Gain siiwonjezera mphamvu ya ampu, imangoifikitsa msanga pamapeto pake. Mukawonjezera 3 dB mukupempha mphamvu yowirikiza kawiri, 6 dB kanayi. Input ikhale pa 0, ma output onse atatu pa 0, mita ya mikisa izisewera cha pa 0 pomwepo. Tsitsani maampu onse, ikani nyimbo imene mumaidziwa bwino, kwezani midi yokha mpaka pamene mumaimbira. Kenako mahoni pang'onopang'ono. Iwowa amafuula kuposa masipika ena pa mphamvu yofanana, choncho kawirikawiri output yawo imafunika kutsitsidwa pansi pa 0. Besi ibwere pomaliza. Mbali ina ikaposa inzake, tsitsani yoposayo m'malo mokweza yotsalira. Nyale yofiira ya clip pa ampu ikamaphethira mwa apo ndi apo si mlandu, koma ikamayaka osazima mukuwotcha zinthu.

Pomvetsera musaime pafupi ndi mabokosi, pitani kumene kukhale anthu, wina azilankhula pa maiki. Ngati cha pa 100 Hz pakumveka ngati pali dzenje, dinani phase invert ya low output, kabatani kotembenuza kayendedwe ka koni ya besi, mumve kusiyana, musiye pamene besi yadzaza. Ikakhalabe yochepa, gundanitsani mabesiwo pamalo amodzi m'malo moika ina uku ina uko.

Aja akuti gulani DriveRack, crossover ya digito ya dbx yomweyo, sakunama kuti ndi yabwino, ili ndi limiter (choletsa mawu kupyola muyezo) yomwe 223 ilibe, koma mtengo wake umapyola kawiri wa 223. Zotchipa modabwitsa zolembedwa dbx samalani nazo, zachinyengo zilipo. Ndalamazo ndikanakhala ine ndikanasungira ma diaphragm (kachigawo ka m'honi kokhala ndi koilo) apadera mu bokosi la zida.

China, poyatsa yambani mikisa, crossover, maampu pomaliza, pozimitsa maampu poyamba. Magetsi akathima pakati pa mwambo thamangirani kuzimitsa maampu asanalize jenereta, chifukwa kaphokoso kaja ka "phu" kamapita molunjika ku mahoni.