UZ kapena KUHeS? Yankho kwa achemwali a ku Mufakose, ku Harare

Achemwali, mwati makalata okutengani kukaphunzira udokotala abwera awiri, ya University of Zimbabwe (UZ) ndi ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) ku Blantyre, ndiye mwasowa kolowera. Zikomo, mwatichotsa manyazi!

Ine ndingayambire pa pasipoti. Ngati yanu ndi ya Zimbabwe, ku Malawi akhoza kukuwerengerani ngati mlendo ngakhale agogo anu anachokera ku Ntcheu, ndipo fizi ya mlendo imakhala yokwera. Afunseni molemba musanavomere. Udokotala ndi zaka zosachepera 5, osati temu imodzi, choncho kunyumba mukhale pansi muwerengere mpaka chaka chomaliza.

Ndiye funso lalikulu: mukufuna kudzagwira ntchito kuti? Mukaphunzira kunja n'kubwerera, mudzayenera kulembetsa ku Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe, ndipo mapepala ake amadya nthawi. Wa ku UZ njira yake ndi yowongoka, amaphunzirira pa odwala ku chipatala cha Parirenyatwa konkuno ku Harare. Wa ku KUHeS amaphunzirira ku Queen Elizabeth Central Hospital, komwe Chichewa chanu ndi chuma, chifukwa agogo akamati "m'mimba mukundipota" simudzasowa womasulira. Kuno n'Chishona, chomwe mumachidziwa kale.

Mwana wa mlongo wanga anasankha kukhala pakhomo kuti apulumutse ndalama ya hositelo. Ankadzuka mdima ulipo kukadikira kombi (minibasi), madzulo n'kumasinza buku lili pamaondo, nsima itazizira m'mbale. Chaka chachiwiri tinamupezera chipinda pafupi.

Ndikanakhala inu ndikanatenga UZ, pokhapokha ngati ku Blantyre kuli wokulipirirani.