Funsani Tikuyankheni: Misozi ya pa Titanic

FUNSO

Akonzi, mwezi wathawu ine ndi mayi akunyumba tinaonera filimu ya Titanic pamodzi ndi alongo anga awiri amene anabwera kudzacheza. Pamene inkatha, amayi onse atatu maso anali psuu ndi misozi, koma ine ndinangoona kuti ndataya maola atatu pachabe. Ndinanena kuti Rose ndi mtsikana wosakhulupirika amene anasiya mwamuna womutomera chifukwa cha Jack, mnyamata wongokumana naye paulendo wa pasitima, ndiponso kuti akanasendera pang'ono pathabwa lija anayandamapo sitima itamira, Jack sakanafa. Chichokereni tsiku limenelo akunyumba amanditcha wouma mtima. Kodi nkhani imeneyi inachitikadi? Nanga ine ndinalakwa pati?

Bambo wa ku Kasungu

YANKHO

Bambo, mkangano wa kunyumba kwanuwo ndi wakale, pakuti unayamba m'chaka cha 1997 pamene filimuyi inatuluka, ndipo mpaka lero oonera sanagwirizanebe chimodzi. Jack ndi Rose sanakhaleko; anawapeka ndi James Cameron, amene analemba nkhaniyi ndi kutsogolera ntchito yoijambula. Koma sitima imene anawakwezamo inali yeniyeni. Inanyamuka ku Southampton, ku England, pa 10 Epulo 1912 kulowera ku New York, inawomba chiphiri cha madzi oundana usiku wa pa 14, ndipo inamira m'bandakucha wa pa 15, pasanathe ndi maola atatu omwe. Mwa anthu oposa 2,200 amene anali m'menemo, pafupifupi 1,500 anafa, makamaka chifukwa mabwato opulumukiramo analipo 20 okha, osakwana kunyamula anthu 1,200. Oimba asanu ndi atatu amene munawaona akupitiriza kuimba sitima ikupendekeka analikodi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anapulumuka. Nawonso agogo awiri ogwirana pabedi madzi akulowa aja akuimira Isidor Straus ndi mkazi wake Ida, amene anakana kukwera bwato posafuna kusiya mwamuna wake. Choncho misozi ya amayi aja sinagwere nthano yokha.

Pa nkhani ya Rose, ndikumvetsa kumene maganizo anu achokera. Kwathu kuno chitomero si masewera, ndipo mtsikana amene ankhoswe ayamba kale kukambirana za iye sayembekezeka kumaseka ndi mlendo wapanjira. Komabe ndikupempheni kuti mukumbukire mmene ukwati umenewo unakonzedwera. Bambo ake a Rose anamwalira atasiya ngongole, ndipo mayi ake anamukankhira kwa mwamuna wolemera kuti banja lisachite manyazi ndi umphawi. Mwamunayo ankamulamula ngati katundu wogula, mpaka anamumenya mbama. Amayi ambiri akamaona zimenezi saganiza za azungu a 1912 ayi, koma amakumbukira mtsikana wina wa pamudzi pawo amene anasiyitsidwa sukulu nakwatiwa chaka cha njala chifukwa makolo anaona matumba a chimanga. Inu munkayang'ana lonjezo limene linasweka, pamene iwo ankayang'ana amene anakakamiza lonjezolo, ndipo pamenepa ine ndili mbali yawo.

Izi sizikutanthauza kuti mfundo zanu zonse n'zopanda mutu. Chikondi cha masiku ochepa pasitima sichinayesedwe ndi lendi, matenda a mwana kapena mwezi wopanda ndiwo, ndipo filimuyi inadzipeputsira ntchito pojambula wosauka kukhala wabwino m'zonse ndi wolemera kukhala woipa m'zonse. Ambiri odziwa za mafilimu anadandaula zomwezo, nanena kuti mawu ena amene awiriwa amauzana ndi otsekemera mopitirira muyezo. N'zochititsa chidwi kuti ngakhale filimuyi inalandira mphoto 11 za Oscar mwa 14 zimene inapikisana nawo pa mpikisano waukulu wa mafilimu wa ku America umenewu, kalembedwe ka nkhani yake sikanaikidwe n'komwe pampikisano, ndipo Leonardo DiCaprio, amene anasewera ngati Jack, nayenso sanatchulidwe, pamene Kate Winslet, amene anasewera ngati Rose, anatchulidwa koma sanapambane. Oonera wamba sanasamale zimenezo. Anabwerera kukaionera kawiri katatu, mpaka inakhala filimu yoyamba kupeza ndalama zoposa madola 1 biliyoni.

Tsopano za thabwa, zimene zimautsa mapokoso kuposa china chilichonse. Mukaionanso bwino, mupeza kuti Jack anayesa kukwerapo koma thabwalo linapendekeka, ndipo n'chifukwa chake anabwerera m'madzi. Vuto silinali kuchepa kwa malo koma kulemera kwa anthu awiri, popeza thabwa likatitimira onse akanakhala m'madzi ozizira pafupifupi madigiri 2 pansi pa ziro, mmene munthu satha ola limodzi ali moyo. Funsoli linamutopetsa Cameron kotero kuti mu 2023 anaonetsa pakanema zotsatira za kuyesa kumene anachita ndi anthu awiri m'dziwe lozizira, ndipo anavomera kuti mwa njira zina zimene anayesa, inalipo imene Jack akanatha kupulumukira. Pamenepa mwapezako pogwira, koma musanyadire kwambiri, chifukwa mlembiyo wakhala akunena kuti nkhaniyi inafunika kuti mnyamatayo afe. Akanachita kukulitsa thabwa, akanamupha ndi china, ndipo ine ndikuona kuti Jack akanafika ku New York wamoyo, filimuyi ikanaiwalika kalekale.

Mwandifunsa pamene munalakwa. Kusalira si mlandu, ndipo palibe lamulo loti aliyense akonde filimu yachikondi. Cholakwa chinali nthawi imene munasankha kuweruza, pakuti munatsegula bwalo la milandu anzanu asanapukute m'maso, ndipo munthu amene wangolira kumene akamva wina akunyoza chimene chamuliza, amamva ngati wonyozedwayo ndi iye mwini. Mawu oti wouma mtima anachokera pamenepo, osati pa Rose. Tsiku lina mukadzakhala pakhonde madzulo, mudzawafunse akunyumba kuti ndi pati penipeni pamene misozi inayambira. Musadzadabwe akadzakuuzani kuti si pa Jack ayi, koma pa mayi uja wa m'zipinda za osauka amene anagoneka ana ake awiri n'kumawafotokozera nthano, akudziwa kuti bwato lowatenga kulibe.