Chithunzi cha m'ma 1890: kodi n'umboni wakuti makolo ankakhalirana bwino?

Bambo wina wa ku Lizulu watilembera imelo. Ali ndi chithunzi chimene akuti n'cha m'ma 1890. Pamsewu payima anthu atatu: wina wavala mkanjo ndi mzuli, wina wagwira chishango, wina wanyamula buku. Akufunsa ngati uwu ndi umboni wakuti Asilamu, Angoni ndi Akhristu ankakhalirana mwamtendere kuno kwathu.

Bambo, yambani mwachitembenuza. Ngati ndi positikhadi yokhala ndi mzere kumbuyo wolekanitsa uthenga ndi adiresi, inasindikizidwa kuyambira 1902 kupita m'tsogolo, chifukwa ndi chaka chimenecho pamene Britain inaloleza mzerewo. Zithunzi zambiri za m'ma 1800 zinali pa pepala lopyapyala lopakidwa choyera cha dzira, lomatidwa pa katoni, ndipo zimaoneka zofiirira.

Zovala zimasocheretsa kwambiri. Ansembe a White Fathers, amene anatsegula Mua mu 1902, ankavala mkanjo woyera ndi chipewa chofiira, popeza chipani chawo chinayambira ku Algeria, dziko la Asilamu, mu 1868. Onani ngati pakhosi pali kolona. Asilikali akuda a boma la atsamunda nawonso ankavala chipewa chonga mzuli ngati yunifolomu, ndipo wanduwira angakhale Msikhi, mwa asilikali aja amene Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anayamba kubwera nawo kuchokera ku India mu 1891. Chipewa pachokha sichikuuzani kumene munthu ankapemphera.

Chachikulu ndi kajambulidwe. Pamene John Kirk ankajambula pa ulendo wa Livingstone wa 1858, kamera inkafuna kuti chinthu chikhale chete nthawi ndithu; woyenda ankatuluka ngati utsi kapena osaoneka n'komwe. Magalasi ouma ojambulirapo zithunzi a m'ma 1880 anafulumizitsa ntchito, komabe kamera yaikulu inkakhala pa miyendo itatu, ndipo mwini wake, kawirikawiri mmishonale kapena wa boma, ankauza anthu poyima. Ngati atatuwo ayang'ana kamera, mapewa ali pamzere, dziwani kuti anachita kuyimikidwa. Yang'anani m'mphepete mwa chithunzi, mwa anthu amene wojambula sanawasamale: mayi wogulitsa, ana, amtengatenga. Iwowo ndiwo angakusonyezeni amene ankakumanadi pamsika.

Kumbukiraninso nyengoyo. Mu 1896 atsamunda anapha Inkosi Gomani woyamba, ndipo chaka chomwecho anathira nkhondo mfumu ya Chiyao, Tambala, ku Dedza. Boma lotere linkafuna zithunzi zoonetsa kuti labweretsa bata. Ndipo Achewa a kudambwe ali kuti? Gule sankajambulidwa wamba, amishoni ankalimbana naye. Tikaweruza ndi chithunzi chokha, chipembedzo cha anthu ochuluka a ku Dedza tachisiya kunja.

Chithunzicho musachimatire mu pulasitiki yotenthetsa, chimawonongekeratu. Chisikanitseni mbali zonse ziwiri pa 600 dpi (muyezo wa kuoneka bwino kwa chithunzi), kenaka mukaonetse kope kwa akuluakulu a kwanu. Mphini, kametedwe ndi mapiri a kumbuyo iwo angazizindikire.