Ku London kumapeto kwa Ogasiti ndi ana awiri

Achemwali, funso lanu ndaliona: mukubwera ku London kudzacheza kwa ang'ono anu masabata awiri omaliza a Ogasiti, muli ndi ana awiri, wa zaka 7 ndi wa zaka 10, ndalama si zambiri, ndiye mukufunsa kuti mungakaone chiyani. Ine ndakhala kuno zaka zoposa khumi ndipo abale ochokera kumudzi ndayenda nawo kangapo. Zomwe ndaona ndi zakuti amene amabwerera ali okondwa si amene analipira matikiti ambiri ayi. Nyengo imene mukubwerayi, zabwino za mzinda uno zili panja ndipo zambiri ndi zaulere. Dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko madzulo, tsiku limatalika, anthu amangokhala pa kapinga m'mapaki mpaka mdima.

Poyamba nkhani ya mayendedwe, chifukwa ndi pamene ndalama zimathera munthu osazindikira. Mabasi a kuno salandira ndalama zapamanja kuyambira 2014. Mumangogunditsa khadi la kubanki kapena khadi la Oyster, lolipirira mayendedwe kuno, pa kamakina kachikasu kali pakhomo. Mukatsika basi ina n'kukwera ina ola lisanathe, simulipiranso. Ana anu onse awiri sanakwane zaka 11, choncho akwera ulere pa basi ngakhalenso pa Tube, sitima ya pansi pa nthaka ija, bola ali ndi inu. Gwiritsani khadi limodzi lomwelo tsiku lonse, chifukwa pali malire a ndalama zimene angakuduleni pa tsiku. Ndipo kukatentha, sankhani basi. Mu Tube, makamaka njanji ya Central, mumatentha ngati mu uvuni. Kwerani basi yosanja, akhazikeni ana kutsogolo pamwamba, muona okha mmene angasangalalire.

Musamadumphedumphe mzinda wonse tsiku limodzi. London ndi wamkulu, miyendo ya ana itopa msanga. Tsiku lililonse sankhani dera limodzi basi.

Chachikulu m'masabata anuwo ndi Notting Hill Carnival, chikondwerero cha magule chochitikira m'misewu ya dera la Notting Hill. Imachitika Lamlungu ndi Lolemba lomaliza la Ogasiti, lomwe ndi tchuthi kuno. Anaiyambitsa ndi anthu ochokera ku zilumba za Caribbean ndi anzawo a m'derali, patapita zaka zochepa chichitikireni zipolowe za 1958 pamene anthu akuda ankamenyedwa m'misewu yomweyo. Chikondwerero cha mumsewu chinayamba mu 1966, ndipo lero anthu oposa miliyoni amabwera. Inu pitani Lamlungu, ndilo tsiku la ana. Lolemba khamu limachuluka moti munthu sutha kutembenuka, ndipo ndi ana awiri sindingakulangizeni. Ulendo woyamba umene ndinapita, ndinaima pambali pa msewu, galimoto yodzaza zokuzira mawu ikudutsa pang'onopang'ono, kulira kwake kukumveka m'chifuwa ngati ng'oma yaikulu ya pa dambwe. Kumbuyo kwake kunali kamtsikana ka zaka ngati zisanu, kovala nthenga zobiriwira zotalika kuposa iko komwe, kakuvina kosatopa, agogo ake akukatsatira ndi botolo la madzi. Utsi wa nkhuku yowotcha, imene amati jerk, unali ponseponse. Ndinalira, ndikuuzeni zoona, chifukwa ndinali ndisanaonepo anthu akuda atadzaza msewu wa ku Ulaya ali okondwa chotero.

Koma konzekani. Fikani cha m'ma 10 kapena 11 m'mawa, muchokeko isanakwane 5 koloko. Masiteshoni ena a pafupi, monga Ladbroke Grove, amatsekedwa, choncho muyenda pansi ndithu. Netiweki ya foni imavuta chifukwa cha kuchuluka kwa anthu. Lembani nambala yanu pa mkono wa mwana aliyense ndi cholembera, mugwirizanenso malo okumanirana mukasochererana. Zimbudzi zimakhala ndi mizere yaitali, ana ayambe apita musananyamuke.

Tsiku lina lipatseni Greenwich, ndipo mupite pa boti kuchokera ku Westminster. Pa ndalama zonse zimene mungawononge, izi ndi zimene sindidandaula nazo. Ulendo wake sukwana ola, koma mudutsa London Eye (chigudumu chachikulu chomwe anthu amakwera kuti aone mzinda), tchalitchi cha St Paul's, Tower of London, n'kulowa pansi pa Tower Bridge, mlatho wa mu 1894 umene pakati pake pamatseguka kuti zombo zidutse. Mukafika kwerani kaphiri ka mu Greenwich Park. Pamwamba pake pali Royal Observatory, nyumba yakale yofufuzira za nyenyezi ndi nthawi, pomwe pamadutsa mzere wogawa dziko kum'mawa ndi kumadzulo, umene maiko anagwirizana mu 1884. Nthawi ya kwathu, imene ili patsogolo ndi maola awiri, amaiwerengera kuchokera pamenepo. Wa zaka 10 uja mwina waphunzira kale za longitude, muuzeni aime mwendo wina uku wina uku. Kulowa m'bwalo ndi kolipira, koma mzerewo umapitirira kunja kwa mpanda, pa kanjira ka m'munsi, pomwe mutha kujambulitsa ulere. Mukhalepo 1 koloko masana kuti aone mpira wofiira wa padenga ukugwa, monga wakhala ukuchitira kuyambira 1833 kuti oyendetsa zombo azikonza mawotchi awo. Tengani mpunga ndi nkhuku kunyumba mudyere pa kapinga, mzinda wonse uli patsogolo panu.

Mvula ikagwa, ndipo igwa ndithu tsiku lina, thawirani ku mamyuziyamu. Akuluakulu onse ndi aulere. Popeza sukulu zimakhala zotseka mpaka kumayambiriro kwa Seputembala, sungitsani malo pa intaneti kuti musaime pa mzere nthawi yaitali. Ana mupite nawo ku Natural History Museum, komwe mafupa a namgumi otalika mamita 25 analendewera kudenga mukangolowa, ndipo Science Museum yayandikana nayo. Ku British Museum aliyense amathamangira mitembo youmitsidwa ya ku Egypt, koma inu mutsikenso pansi ku chipinda cha Africa. Kumeneko kuli mtengo wosulidwa ndi mfuti zenizeni za nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992. Anthu anapereka mfutizo posinthana ndi makasu, njinga ndi makina osokera, ndipo amisiri a ku Maputo anazidula n'kuziwotcherera kukhala thunthu, nthambi ndi masamba. Ine ndinakulira kufupi ndi malire, ndikukumbukira othawa nkhondo akufika ndi mitolo pamutu. Ndinaima pa mtengowo nthawi yaitali ndikuyang'ana tizitsulo towombera tija titasanduka masamba. M'chipinda chomwecho muli ziboliboli za mkuwa za ku Benin zimene asilikali a Britain analanda mu 1897. Auzeni ana mmene zinafikira kumeneko.

Za kwathu ziliponso. David Livingstone anamuika mu tchalitchi cha Westminster Abbey mu 1874. Anafera kwa Chitambo ku Zambia mu 1873, mtima wake anaukwirira komweko pansi pa mtengo, ndipo omuthandiza ake, Susi ndi Chuma, ndi anzawo ananyamula thupi lake miyezi yambiri mpaka kunyanja yamchere. Kulowa ngati mlendo wodzaona malo ndi kodula, koma mapemphero a madzulo oimbidwa ndi kwaya ndi aulere kwa aliyense wodzapembedza. Kuyenda pang'ono kuchokera pamenepo mufika pa Trafalgar Square. Kuyambira 2022 mpaka 2024 panaima chiboliboli cha John Chilembwe atavala chipewa, chopangidwa ndi Samson Kambalu, Mmalawi mnzathu. Anachichotsa chifukwa ziboliboli za pamalowo amazisintha, koma aonetseni ana pomwe chinali, pakona ya kumanzere mukayang'ana nyumba ya zithunzi ya National Gallery. Kamuzu naye anagwira ntchito ya udokotala ku Harlesden, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda, nkhondo yachiwiri itatha mpaka 1953.

Ku Buckingham Palace, nyumba ya mfumu, amatsegula zipinda zina kwa alendo m'miyezi yomweyi, koma tikiti yake ndi yokwera ndipo ana amatopa nazo. Kuonera asilikali a zipewa zazitali akusinthana pa geti ndi ulere, cha m'ma 11 koloko, ngakhale si tsiku lililonse, choncho yang'anani kaye pa intaneti. London Eye ndi Madame Tussauds (nyumba ya ziboliboli za anthu otchuka), kwa anthu atatu, ndalama zake zikhoza kudyetsa banja sabata yathunthu. Ngati ana akufuna kuona mzinda ali pamwamba, Sky Garden, dimba la pamwamba pa nyumba yaitali yosanja, ndi yaulere mukasungitsa malo masabata angapo m'mbuyo.

Siyani tsiku limodzi lopanda ndondomeko, mupite ku Hampstead Heath. Ndi thengo lenileni mkati mwa mzinda, ndipo kumapeto kwa Ogasiti ndi nthawi ya tizipatso takuda tofanana ndi mabulosi, tomera pa zitsamba zaminga m'mbali mwa njira.  Chaka chatha mwana wa mlongo wanga anabwerako milomo ndi zala zili bii, manja atakandikakandika, koma atabwerera ku Lilongwe nkhani imene ankafotokozera anzake inali imeneyo, osati nyumba ya mfumu. Mukwere kaphiri ka komweko ka Parliament Hill dzuwa likamapendeka. Ngati amakonda nyama, ku Richmond Park kuli agwape mazanamazana oyenda momasuka, koma musawayandikire.

Chilakolako cha nsima chikakugwirani, ang'ono anu akuperekezeni ku msika wa Brixton, ku Rye Lane ku Peckham, kapena ku Ridley Road ku Dalston. Ufa woyera, therere, mbatata, chinangwa, nsomba zouma ndi zofanana ndi chambo mupeza konko, motchipa kuposa m'masitolo akuluakulu. Pobwera musanyamule nyama kapena zamkaka m'chikwama, ndi zoletsedwa kulowa nazo. Zovala tengani zopepuka, koma aliyense akhale ndi juzi ndi kajekete ka mvula, chifukwa masana kutha kutentha ngati Okutobala wa kwathu, madzulo n'kuzizira ngati Juni wa ku Dedza. Nsapato zikhale zimene munazizolowera kale. Mundiuze dera limene ang'ono anu amakhala, ndikulembereni mabasi oti muzikwera kuchokera kumeneko.