Azakhali, chonde musadzimane chakudya

Azakhali, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, uthenga wanu ndangoumvera kumene. Ndati ndiyankhe ndi mawu pagulu pompano, chifukwa kulemba sindingamalize, komanso alipo ena m'banja mwathu muno amene nkhaniyi ikuwakhudza.

Mwati kuchipatala akupezani ndi matenda a shuga, BP nayonso yakwera, ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kumadya kamodzi patsiku n'kusiyiratu zakudya zokhutitsa. Ayi azakhali, chonde musatero. Ine ndinaziona ndi maso angawa kwa bambo a ana kunoko. Atangowapeza ndi shuga mantha anawagwira, anayamba kumadumpha chakudya cha masana koma mankhwala akumwabe. Tsiku lina ndinawapeza ali pampando, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera moti kapu ya madzi inawapulumuka. Ndikawafunsa, akuyankha zina. Shuga anali atatsikiratu. Mtima wanga unagunda tsiku limenelo, mpaka lero sindiiwala.

Kamakina koyezera shuga m'magazi kaja kakaonetsa pansi pa 3.9 mmol/L, ndiye kuti shuga watsika mopitirira, ndipo munthu atha kukomoka. Mankhwala a shuga monga glibenclamide ndi jakisoni wa insulin amagwetsa shuga kaya mwadya kaya simunadye. Metformin payekha sachita zimenezi kawirikawiri. Ndiye muyang'ane papaketi kuti akupatsani ati, mundiuze. Mukadzamva kunjenjemera, chizungulire ndi njala yadzidzidzi, sungunulani masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'madzi, mumwe, mudikire mphindi 15 muyezenso, kenako mudye chakudya chenicheni. Eya, wodwala shuga amafunika kuyenda ndi kashuga m'chikwama. Anthu ambiri zimawadabwitsa.

Tsono chofunika kusintha ndi kuchuluka kwake ndi kagawidwe ka m'mbale. Katatu patsiku muzidyabe, nthawi yake yomweyomweyo. Mukatenga mbale yanu, theka lonse likhale la ndiwo zamasamba. Theka linalo muligawe pawiri: mbali ina nyemba, nsomba, mazira kapena nyama yopanda mafuta, mbali inayo chokhutitsa chija, kaya ndi mpunga, mbatata kapena cha ufa, chachikulu ngati chibakera chanu basi. Chifukwa chake n'chakuti zokhutitsa zonsezi zikalowa m'mimba zimasanduka shuga, ngakhale pakamwa sizitsekemera. Ufa woyeretsetsa ndi buledi woyera zimasanduka mwachangu, shuga n'kukwera kamodzin'kamodzi. Koma mbewu zosachotsa gaga, nyemba ndi masamba zimagayika pang'onopang'ono, shuga amalowa m'magazi mwakachetechete, ndipo njala imachedwa kubwerera. Kuno ndimayamba kuika masamba m'mbale, chokhutitsa chimabwera pomaliza kudzakhala pamalo potsalapo. Kachinthu kakang'ono, koma kanatithandiza kwambiri.

Pamene muyenera kuumitsa mtima ndi pa zakumwa. Chitini chimodzi cha zoziziritsa kukhosi cha 330 ml chimakhala ndi shuga wokwana pafupifupi magalamu 35. Amenewo ndi masupuni a tiyi oposa 8, azakhali, m'kachitini kamodzi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu, ngakhale wosadwala, asapitirire pafupifupi magalamu 50 a shuga wothira patsiku, ndipo akatsitsa kufika pa 25 ndiye bwino koposa. Juwisi musamukhulupirire poti walembedwa kuti ndi wa zipatso, uchi nawonso ndi shuga yemweyo. Chipatso idyani chathunthu, chimodzi panthawi, osati chofinya. Tiyi ndikudziwa kuti mumamukonda wotsekemera. Ngati kusiyiratu kukuvuta, muzichotsa theka la supuni mlungu uliwonse mpaka mufike poti mulibe.

Za BP, mdani wake wamkulu ndi mchere. Mchere umasunga madzi m'thupi, magazi amachuluka m'mitsempha, mtima n'kumapopa movutikira, impso nazonso n'kumatopa. WHO yomweyo imati tsiku lonse mchere usafike magalamu 5, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza. Ndipo pamenepo akuwerengera wonse, ndi wobisika womwe. Wobisikayo ndi amene amatipweteka: timakyubu tokometsera ndiwo tija, soseji, nyama ndi nsomba za m'zitini, tchipisi ta m'mapaketi, ngakhale buledi. Munthu amati ine sindithira mchere wambiri, chonsecho waponya makyubu awiri mumphika. Chotsani kambale ka mchere patebulo. Kometsani ndi anyezi, adyo, tomato, mandimu. Masiku oyamba ndiwo zizimveka zozizira, sindikunamizani, bambo a kuno ankangoti pang'ono n'kukankha mbale. Koma lilime limazolowera pakangopita milungu ingapo. Pano akadya kwina amabwera akudandaula kuti ndiwo zinawawa mchere.

Chenjezo limodzi pamenepo. M'masitolo muli mchere wina amati ndi wa anthu a BP, muli potaziyamu. Musagule musanafunse adokotala, makamaka ngati impso zili ndi vuto kapena akupatsani mankhwala monga enalapril, chifukwa potaziyamu akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima.

Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osangopendeketsa botolo. Zokazinga zichepe, zowiritsa ndi zowotcha zichuluke. Apo palibe zambiri zonena.

Tsopano inu asuweni anga amene mukumvera nawo, izi n'zanunso. Shuga wamtundu wachiwiri, amene amagwira kwambiri anthu akuluakulu, amayenda m'magazi a pabanja, ndipo amayamba mwakabisira zaka zambiri munthu asanamve kalikonse. Ku America kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa Diabetes Prevention Program, zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Anatenga anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike podwala. Amene anasintha kadyedwe, n'kumayenda mphindi 150 pamlungu ndi kuyesetsa kuchepetsa thupi ndi 7 peresenti, chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Amene anangopatsidwa metformin chinatsika ndi 31 peresenti. Mwamva? Munthu wa makilogalamu 80 ndiye kuti achotse asanu kapena asanu ndi limodzi basi, ndi kuyenda ndawala theka la ola masiku asanu pamlungu. Ndiye chonde musamawaphikire azakhali kamphika kawokawo inu mukudya zonona pambali. Zimenezo zimapweteka mumtima, ndipo wodwala amatopa n'kubwerera ku zakale. Mphika ukhale umodzi nyumba yonse.

Komanso azakhali, shuga ndi BP zikayamba kutsika musati ndachira n'kusiya mankhwala. Abwera anthu ndi timabotolo ndi mizu, aliyense ndi umboni wake. Chilichonse chimene mukufuna kumwa mukawaonetse kaye adokotala. Mukapitanso mukafunse za kuyeza kotchedwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wayendera miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, osati tsiku limodzi lokha. Akayezenso impso, maso ndi mapazi.

Mlungu uno mungochita ziwiri: zakumwa zotsekemera zichoke, chakudya musadumphe. Pezani kakope muzilemba zimene mwadya ndi manambala a pakamakina. Loweruka madzulo ndikuimbirani, mukhale ndi mapaketi a mankhwala aja pafupi tidzawerengere limodzi. Mugone bwino azakhali.