Mbale za hardcore: ndi 33 kapena 45, nanga pitch ifike pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akukhala ku Manchester. Akuti anagula katoni yonse ya mbale zakale za hardcore, nyimbo zovina zothamanga kwambiri, pamtengo wozizira, ali ndi makina oyimbira mbale awiri a Technics SL-1200, koma kumikisa kukukanika. Funso lawo linali lakuti: "Mbale zina zikumveka ngati zaledzera, zina zikuthamanga ngati zikuthawa ngongole, ndipo ndikafuna kuphatikiza ziwiri pitch imatha ndisanazigwirizanitse. Vuto ndi makina kapena ineyo?"

Achimwene, makina anu ali bhobho, musawataye. Tiyambe ndi mabatani awiri aja, 33 ndi 45, osankhira kuti mbale izungulire kangati pa mphindi, chifukwa ndikukayika kuti zoledzerazo zikuchokera pamenepo. Kuchoka pa 33⅓ kufika pa 45 liwiro limakwera ndi 35 peresenti, ndiye mbale ya 170 BPM (kugunda kwa ng'oma pa mphindi) yomwe anaidula pa 45 mukaiika pa 33 imatsika mpaka cha m'ma 126, imamveka ngati kaseti ya mu wailesi mabatire akamatha. Mbale za 12-inch zilibe lamulo limodzi, zina ndi 45 makamaka zija za nyimbo imodzi mbali iliyonse, zina 33 akapanikiza nyimbo ziwiri mbali imodzi, ndipo ma white label ambiri salemba kanthu olo dzina, ndiye udziwa wekha.

Apa pali msampha womwe umagwira anthu ambiri. Mwina mukuganiza kuti mudziwa pomvera mawu a woimba, koma mu hardcore mawuwo anawathamangitsa dala ku situdiyo mpaka kumamveka ngati kamwana ka mu katuni. Ndiye mukaiika molakwika pa 33 mayi uja amayamba kumveka ngati munthu weniweni, inu nkumati eya ndapeza, pamene ndi pomwe mwasochera. Siyani mawu, werengani ng'oma. Yang'anani wotchi, werengani kugunda kwa masekondi 15 ndiye muchulukitse ka 4, pitch ili pa ziro. Mukapeza 112 dziwani kuti limenelo ndi liwiro la amapiano, mbale ya hardcore ilibe chochita kumeneko.

Tsopano nkhani ya pitch, kachipangizo kaja kokwezera kapena kutsitsira liwiro la mbale. Vuto ndi loti mawu oti hardcore akunyamula zinthu zambiri zosiyana. Ya ku England ya 1991 ndi 1992, ija ya mabreak (zidutswa za ng'oma zodulidwa mu nyimbo zina) ndi piyano, imayenda cha m'ma 135 mpaka 150, pofika 1993 zinali zitakwera kufika cha m'ma 160, kenako happy hardcore nkumakasewera m'ma 170. Ku Netherlands nako gabber ya ku Rotterdam, komwe Paul Elstak anayambitsa Rotterdam Records mu 1992, imayambira m'ma 160 nkumapita mpaka kuyandikira 200. Katoni yanuyo mwina muli zonsezi pamodzi. Pitch ya SL-1200 MK2 imangopatsa 8 peresenti kukwera ndi 8 kutsika basi. Tiwerenge: mbale ya 150 mukaikankha mpaka kumapeto ifika 162, ya 175 mukaikokera pansi mpaka kumapeto ifika 161. Inde zakumana, koma zonse zili kukhoma, mulibe malo okonzera ikayamba kuthawa, ndipo ya 175 ija yafooka yasanduka phala. Ya 140 ndiye iwalani, imathera pa 151. MK5G ndi MK7, mitundu ina ya SL-1200, zili ndi batani lofikitsa 16 peresenti koma ineyo sindiona ngati limenelo ndi yankho, kungoti limakulola kuwononga nyimbo kwambiri.

Chifukwa pa mbale liwiro ndi kiyi zimayendera limodzi, ukathamangitsa mawu amakweranso. Peresenti 6 iliyonse ndi pafupifupi semitoni imodzi, sitepe imodzi pa piyano, ndiye nyimbo ziwiri za piyano zomwe zimagwirizana pa ziro zitha kumenyana ina ikakwera 6 ina itakhala pomwepo. Anzathu a ma CDJ, makina oyimbira nyimbo za digito, ali ndi batani la Master Tempo lomwe limagwira kiyi pamalo, koma nalonso ukakoka pitch kwambiri ng'oma ya gabber ija imayamba kumveka ngati ili m'madzi, ine ndimakonda kulizimitsa. Pa mbale ndimakhala pakati pa +2 ndi +6. Hardcore kuithamangitsa pang'ono imalola, ma DJ a nthawi imeneyo ankachita zomwezo, koma kuitsitsa kupyola −3 imakwiya.

Kachinyengo kamodzi komwe mungayese usiku anthu atagona. Pakati pa 33 ndi 45 pali dzenje, 33 pa +8 imafika 36, 45 pa −8 imatsika kufika 41.4, pakatipo simungafikepo. Koma tengani mbale ya 140 yodulidwa pa 33, dinani 45 ndiye mutsitse pitch mpaka −8, ikupatsani pafupifupi 174, ndendende pomwe pali happy hardcore yanu. Zimagwira pa nyimbo zopanda woimba, mabreak okhaokha, ngakhale bezi imaonda ndithu. Ikakhala ndi woimba musayese, aneba adzaganiza mwagula mbalame. Ndipo musachite manyazi ndi zoterezi, ku Belgium chakumapeto kwa ma 1980 mtundu wonse wa New Beat unabadwa ma DJ akuika mbale za 45 pa 33 pitch ili +8, iwo ankapita chotsika.

Chomwe ndingachite nditakhala inu, ndikhala pansi Loweruka limodzi ndi timastika ndi bolopeni, mbale iliyonse ndiilembe pachikuto kuti 33 kapena 45 komanso BPM yake pa ziro. Kenako muzigawe milu itatu, za pansi pa 150, za 150 mpaka 165, ndi zopitirira apo. Seti muziyambira mulu woyamba, nyimbo iliyonse mukukweza pitch pang'onopang'ono osati mwadzidzidzi, pakatha ola mupezeka muli pa 175 ovina osadziwa kuti afika bwanji. Mukafuna kudumpha kuchoka mulu woyamba kupita wachitatu osalimbana ndi kumikisa, dikirani pomwe ng'oma zasiya kwatsala piyano yokha, dulani, ponyani inayo. Ndipo mukadzazijambulira mu laputopu samalani, pulogalamu ya ma DJ ya rekordbox nthawi zina imalemba 87.5 pa nyimbo ya 175, imawerenga theka, muzikonza nokha pamanja.