Funsani Alangizi: Ndani angandimangire heyileji pa ekala imodzi?

Funso: Ndili ndi ng'ombe ziwiri zamkaka ndi ekala imodzi ya udzu wa Rhodes kuno ku Lunzu. Chaka chilichonse udzu woumitsa umandiwolera ndi mvula yomaliza. Ndamva za heyileji, udzu wokulunga m'pulasitiki. Kodi wa makina ndingamupeze kuti, ndipo tigwirizane zotani? Mlimi wa ku Lunzu, Blantyre.

Yankho: Bambo, heyileji ndi udzu umene wafota koma sunaumiretu, madzi atatsala pafupifupi theka, kenaka n'kuutsekera kuti mpweya usalowe. Umasasa pang'ono ngati sayileji (chakudya cha ziweto chotsekeredwa chikadali chauwisi) ndipo umasungika miyezi yambiri. Ubwino wake ndi umene mwauonawo: pamene udzu wouma umafuna dzuwa la masiku angapo, heyileji amangofuna tsiku limodzi kapena awiri.

Kovuta n'kupeza makina. Ntchitoyi imafuna otchetchera, otembenuzira, omangira mabelo (mitolo ya udzu yopanikizidwa) ndi okulungira pulasitiki, ndipo amene ali nawo onse anayi ndi ochepa, makamaka mafamu akuluakulu. Yambirani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu ndi kugulu kumene mumagulitsa mkaka. Funsaninso ku Shire Highlands Milk Producers Association, kumalo ofufuzira za ulimi ku Bvumbwe ndi kumalo a ziweto ku Mikolongwe. Funso loyamba kwa mwini thirakitale likhale lakuti, kodi makina okulungira muli nawo? Ngati alibe, akumangirani udzu wauwisi umene utenthe ndi kuwola pasanathe sabata.

Ekala imodzi sikopa mwini makina. Mafuta ofikira kwanu akhoza kudula kuposa ntchito yeniyeniyo, ndipo nyengo ikakhala bwino amayamba kaye minda ikuluikulu, inu n'kumadikira udzu ukukalamba. Choncho sonkhanani alimi asanu kapena kuposerapo oyandikana, mumuitane tsiku limodzi, mugawane za ulendo. Muuzeni mu Januwale, osati udzu utakhwima kale. Abwere adzaone yekha munda: njira yolowera, mitsetse, zitsa, miyala ndi zulu. Mizere yakale ya chimanga imathyola mipeni, ndiye ngati mundawo sunasalazidwe, neneranitu.

Mgwirizano mulembe papepala. Mtengo ukhale wa belo limodzi, ndipo zidziwike kuti pulasitiki ndi ulusi akugula ndani. Atchetche udzu ukangoyamba kutulutsa ngayaye, mpeni uli masentimita 7 mpaka 10 kuchokera pansi. Akatsitsa kwambiri amakokera dothi m'belo, ndipo dothi ndi limene limabweretsa tizilombo towoletsa udzu. Yenderaninso munda asanatchetche: mbewa, njoka kapena nkhuku yakufa ikakulungidwa m'belo imatulutsa poizoni wopha ng'ombe. Pulasitiki akulunge kasanu ndi kamodzi, osachepera, ndipo akulunge tsiku lomwelo limene wamanga, makamaka pasanathe maola anayi. Ena amakulunga kanayi pofuna kupulumutsa pulasitiki, koma mapesi ofota amabowola. Ndalama yomaliza mupereke belo lomaliza litakulungidwa.

Pofuna kudziwa ngati udzu wafota mokwanira, tengani chamanja mupotokole mwamphamvu. Madzi akadontha, sunafike. Ukathyoka phwatha, wapitirira, ungouumitsiratu. Woyenera umapindika osathyoka, n'kusiya chinyezi pang'ono m'manja.

Tsopano chimene ambiri saganizira. Belo lozungulira la mamita 1.2 limalemera makilogalamu 400 mpaka 600. Ng'ombe ziwiri zikamadya makilogalamu 40 patsiku, belo limodzi litha masiku khumi kapena kuposerapo, pamene likatsegulidwa m'kutentha kwa Okutobala limayamba kufunda ndi kuchita chuku pakangotha masiku atatu kapena anayi. Ndiye kuti theka mutaya. Komanso popanda thirakitale simungalisunthe osang'amba pulasitiki. Kwa ife, pa ng'ombe ziwiri belo lalikulu silikuyenerani, pokhapokha muzitsegula limodzi n'kugawana ndi anzanu.

Chokuyenerani ndi kulemba wa thirakitale kapena aganyu kuti angotchetcha, zotsalazo muchite ndi manja. Udzu ukafota, uduleni tizidutswa ta masentimita 3 mpaka 5. Thirani m'migolo ya pulasitiki ya malita 200 kapena m'matumba ochindikala, pang'onopang'ono, munthu akupondaponda mpaka pasatsale mpata. Udzu wa kuno uli ndi shuga wochepa, choncho wazani molasesi (madzi ochindikala otsala popanga shuga) makilogalamu atatu pa makilogalamu 100 a udzu, mutasungunula m'madzi pang'ono. Mgolo umene mwauyamba udzaze ndi kutsekedwa tsiku lomwelo. Nsenjere nayo imalola njira imeneyi, koma m'belo ayi, mapesi ake ndi aakulu.

Kaya ndi mabelo kaya matumba, ikani pamthunzi, pamalo osalala, polambula bwino chifukwa cha makoswe, chiswe ndi akhwangwala. Yenderani sabata iliyonse, ndipo kabowo kalikonse matani ndi tepi nthawi yomweyo. Musatsegule pasanathe milungu isanu ndi umodzi. Wabwino amanunkhira kusasa kokoma ndipo amaoneka wobiriwira mopita kuchikasu. Wakuda, woterera, wonunkha chivundi kapena wa chuku musapatse ng'ombe, kathireni pa kompositi.